Makala a Muwanga wa Amayi

Ndinanyamuka kunyumba kwanga ku Area 25 Loweruka m'mawa, cha m'ma 6 koloko, nditavala tisheti yobiriwira ya kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu. Kutsogolo kwake kunajambulidwa mtengo, kumsana kunalembedwa kuti "Mtengo ndi moyo". Ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo kalabuyo ndimaiyang'anira ndine. M'chikwama ndinaika buledi, shuga ndi sopo za mng'ono wanga Lufina, komanso mapepala anayi a mawu omwe ndinakonza kukayankhula kumudzi. Ndinali nditawawerenga kawiri pagalasi, ndipo ndisaname, ndinkadzimva.

Nkhani yake inali iyi. Kwathu ndi kumapiri a kumpoto kwa Mvera, komwe Dowa ndi Ntchisi amapatsana moni. Kuseri kwa mudzi kuli phiri lomwe timalitcha Kadzidzi, ndipo zaka zingapo zapitazo kunabwera kampani yophwanya miyala yomangira misewu. Inalemba ntchito amuna ambiri a m'mudzi, kuphatikizapo alamu anga a Gidiyoni, amuna a Lufina. Koma inkaphulitsa miyala pafupi ndi kasupe yemwe mudzi wonse umatungapo, madzi nkuyamba kutuluka amatope. Anthu anandipempha, monga mwana wawo wophunzira, kuti ndiwalembere kalata yodandaula. Ndinalemba m'Chingerezi chonona, iwo anadinda zala, ndipo patapita miyezi ingapo mgodi unatsekedwa. Tsopano kampani ina inkafuna kuutsegulanso, ndipo amfumu anaitanitsa msonkhano Loweruka masana. Ine ndinkapita kukaikaniza.

Pa siteji ya Kanengo ndinapeza minibasi ya ku Salima itatsala pang'ono kudzaza, kutanthauza kuti tinadikiranso theka la ola. Kondakitala anati mpaka pa Mvera ndi K7,000. Ndinamuuza kuti ndine mphunzitsi ndipo mwezi uli pakati. Iye anati mafuta sadziwa aphunzitsi, koma pomaliza analandira K6,000 akung'ung'udza. Anandikhazika mzere wachitatu, pakati pa mayi wina wogulitsa kaunjika ndi bambo achikulire omwe anafungatira silinda ya gasi yopanda kanthu. Bambowo anati silindayo anawapatsa ndi mwana wawo, gasi anatha chaka chatha, ndipo poti kudzazitsa kwadula, akupita nayo kumudzi ikakhale mpando wa alendo.

Titangokhotera msewu wa ku Salima tinayamba kukumana ndi njinga za makala. Zinkabwera mondondozana, iliyonse matumba atatu kapena anayi, eni ake akuzikankha pachitunda, thukuta lili kamukamu dzuwa lisanakwere nkomwe. Ine ndinatsonya, nkunena kuti anthu awa atimalizira dziko. Ndinanena mofuna kuti minibasi yonse imve, ndipo inamvadi.

Mayi wa kaunjika anandiyang'ana, nayang'ananso mtengo wa pa tisheti yanga.

"Inu amayi, kwanu mumaphikira chiyani?"

"Magetsi," ndinatero.

"Nanga akathima?"

Ndinayankha kuti pamakhala njira zina, kenaka ndinayamba kufufuza m'chikwama chinthu chomwe sindinkachifuna.

Njira zinazo ndikuuzeni inu owerenga, poti mayi uja sindinamuuze. Chitsekereni mgodi, alamu anga ankanditumizira thumba la makala mwezi ndi mwezi pa lole ina yonyamula tomato. Anayambitsa ndine. Nthawi ina magetsi atavuta sabata yathunthu, ndinaimba foni nkunena kuti ngati kumudziko kungapezeke timakala, andiganizireko. Mumtima ndinkati awa si makala a malonda koma mphatso ya pachibale, ngati kuti mtengo umamva kusiyana kwake. Ulendo wina anatumiza makala a mtengo wa mango, opepuka, othetheka, otha madzi a tiyi asanawire. Ndinaimbanso foni, moseka ndithu, kuti alamu mwanditumizira mapepala, ine ndinazolowera a muwanga aja olira ngati chitsulo. Ndipo kutatsala masabata atatu kuti ndipite kumsonkhano, ndinawauza kuti andikonzeretu thumba limodzi labwino, ndidzanyamule ndekha.

Pa Chezi tinaima nthawi itangokwana 8 koloko. Mawindo onse anadzaza ndi manja: tomato, anyezi, kabichi, nthochi. Ndinagula chimanga chootcha cha kudimba pa K500, nkumadya mwakachetechete. Mayi wa kaunjika anatsika pomwepo, ndipo pondidutsa anandiuza mwaulemu kuti chimangacho nachonso sichinaotchedwe ndi magetsi. Bambo a silinda anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, koma chimanga sichinakomenso.

Pa Mvera ndinatsika cha m'ma 8:30. Njinga zamoto za kabaza zinandizungulira ndisanaponde pansi bwinobwino. Ndinasankha bambo ena a ndevu zoyamba imvi, poganiza kuti munthu wa msinkhu umenewo sathamangira kumanda. Anati K8,000 chifukwa kwathuko nkokwera. Sindinkawadziwa, nawonso sankandidziwa. Anati anakwatira m'mudzi woyandikana ndi wathu ine nditachoka kalekale. Atawerenga tisheti anafunsa ngati ndili wa bungwe lobwerera msonkhano. Ndinangoti eya, za msonkhano zomwezo, osawonjezerapo kanthu.

Tinadutsa cha kumishoni, komwe amayi anga anabatizidwira, nkulowa msewu wafumbi. Unali mwezi wa Okutobala. Mapiri anali atapsa ndi moto wa osaka mbewa, ndipo chobiriwira chokha chinali nazale za fodya m'madambo. Msewuwo umakwera, kutsika, kukweranso, miyala ili mbwee, moti msana wanga unaphunzira zinthu zatsopano. Tinkakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni zowonda ngati zala. Ndili mwana, nkhuni zotere tinkazisiyira ana oseweretsa masanje. Mapiri omwe tinkatolamo masuku ndi kuzula bowa anali zitsa zokhazokha, apa ndi apo kamtengo kophukira kumene, mbuzi itakaimirira kale.

Titakwera chitunda chachikulu, a kabaza anaima kuti injini ipumeko. Kuchokera pamenepo Kadzidzi amaoneka yense. Mbali ya kum'mawa kunali chilonda choyera cha mgodi wakale. Ndinaloza chilondacho nkuyamba mawu a pa tsamba langa loyamba, akuti mgodi ndi umene unapha phiri. Anandimvetsera mpaka nditamaliza, kenaka anati iwo anagwirako ntchito kumeneko, yopakira miyala m'malole. Sanakane kuti fumbi linalipo, ndi kuti nyumba zina zinang'aluka. Koma anati anthu sanapemphe kuti mgodi utsekedwe. Anapempha kuti pophulitsira pasunthidwe, papite kutali ndi kasupe, basi. Wolemba kalata ndi amene anathira tsabola wake, poti inali ya Chingerezi ndipo odinda zala sankadziwa zomwe akudindira.

Ndinafuna kutsutsa, koma mawu a kalata ija ndinkawakumbukira bwino. Ndinalembadi kuti mgodi utsekedwe msanga. Ndinkati ndikuwathandiza kunena zomwe akanayenera kunena.

"Utatsekedwa, tonse tinalowa m'phiri ndi nkhwangwa," anatero a kabaza. "Ine ndinachita mwayi, ndinagulitsa ng'ombe nkugula njinga iyi. Kampani inkadya phiri mbali imodzi, amayi. Ife tikulidya mbali zonse."

M'munsi mwa phiri, cha kumutu kwa munda wathu, kunkakwera utsi woyera wowongoka. Ndinafunsa kuti utsiwo ndi wa chiyani.

"Uvuni wa a Gidiyoni umenewo. Akuti ndi oda ya ku tauni. Akulu ake a mayi akunyumba kwawo ndi aphunzitsi ku Lilongwe, omwe aja analemba kalata. Ngovuta mayiyo, safuna makala wamba, koma a muwanga okhaokha. Nanga muwanga watsala kuti? Pa kasupe pokha, pa mitengo ija ankasunga malemu apongozi awo."

Anawonjezera kuti a Gidiyoni ndi munthu wa mapemphero, sakanadula mwa okha, koma mukudziwa inu, mkamwini asamakule mwendo. Kenaka anaponda njinga nkundiuza kuti ndikwere. Ndinathokoza Mulungu kuti pa kabaza wokwera amakhala kumbuyo, nkhope yake osaoneka. Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi. Ndinawapempha kuti anditsitsire pa sukulu ya pulayimale, dala, kuti asaone nyumba yomwe ndilowe.

Ndinafika kwa Lufina cha m'ma 10:30. Anandilandira chikwama, nandiyalira mphasa, nandipatsa thobwa, zonse mwa dongosolo lake. Titalonjerana ndinafunsa za alamu. Anati ali kumtunda, akufukula makala anu. Mawu akuti "anu" anawanena mosakweza, maso ali pa kapu. Ndinati ndikufuna kukaona kasupe. Anandiperekeza.

Munda umenewo ndi wa mbumba yathu, ndipo amayi atamwalira, wamkulu wotsala ndine. Kumutu kwake, mozungulira kasupe, amayi anasiya kankhalango komwe sankalola munthu kudula ngakhale mpini wa khasu. Ankati mitengo imeneyo ndi imene imagwira madzi. Pakati pake panali muwanga waukulu, woti anthu awiri agwirane manja kuti auzungulire. Pa thunthu lake amayi anakhoma msomali nkupachikapo chikho, kuti wodutsa aliyense amwe osapempha. Msomaliwo unakhalitsa mpaka khungwa linaumeza, kungotsala kansonga kokolekapo chingwe.

Ndinapeza dzuwa likuwomba pamalo pomwe sindinalionepo chibadwire. Ndinawerenga zitsa zisanu ndi zinayi. Chachikulu chinali chatsopano, zibanthu zogwa ndi nkhwangwa zisanade. Kasupe analipobe, koma ankangodontha m'kadzenje, ndipo amayi atatu anakhala pamzere, wina akupala madzi ndi kapu pang'onopang'ono kuti asavundule matope. Anandilonjera bwinobwino, kunditchula Nangondo monga kale. Chikho chija Lufina anati anachisunga m'nyumba.

Uvuni unali chapafupi, mulu wautali wa dothi, mbali imodzi ukufukabe, mbali ina utafukulidwa. Alamu anali bii thupi lonse, maso okha ndi mano. Atandiona anaika fosholo pansi, navula chipewa, nandipatsa mkono m'malo mwa dzanja kuti asandidetse. Pambali pawo panaima thumba lalikulu, losokedwa kale bwino pamwamba ndi luzi. Anafunsa za ulendo, za ana, za sukulu. Ine ndinayankha zonse, kenaka ndinafunsa funso langa.

"Alamu, bwanji simunandiuze?"

Anapotokola chipewa m'manja.

"Ndikanayambira pati, alamu? Ine pano ndinabwera ndi chikwama chokha. Munda ngwanu, mitengo njanu. Mwini wake akati ndikufuna muwanga, ine ndifunse kuti muwanga uti?"

Ndinati akanatha kungonena kuti mitengo yatha. Anamwetulira pang'ono, osati monyoza.

"Ndinanena. Thumba la mango lija inali kalata yanga. Munaiyankha pa foni."

Sanafune kundisenzetsa zonse. Anati makala ambiri omwe akhala akuwotcha ndi a mitengo wamba ya m'phiri, ogulitsa kumsewu kuti ana adye, ndipo mlandu umenewo ngwawo. Koma mitengo ya pa kasupe sanagulitseko ngakhale khala limodzi. Yonse inapita ku Area 25. Anati muwanga waukuluwo anauzungulira masiku awiri nkhwangwa ili paphewa, osayamba. Ndinatembenukira kwa Lufina kuti mwina andithandize. Iye anangondifunsa ngati pa zaka ziwiri zonsezi ndinafunsapo ngakhale kamodzi kuti makalawo akuchokera pati. Sindinafunsepo, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: ndinkaopa kuti andiyankha.

Msonkhano unayamba 2 koloko itapitirira. Kale misonkhano inkachitikira pansi pa mtengo, koma tsikulo tinakhala mumthunzi wa chipupa cha sukulu, nkumasuntha mabenchi potsata mthunziwo. A kampani anabwera awiri pa galimoto yoyera, aliyense ndi botolo lake la madzi. Mkulu wa mpingo anatsegula ndi pemphero, ndipo amfumu, omwe ndi munthu wa nthabwala, anati aliyense ayankhule koma mwachidule chifukwa mthunzi wake ngobwereka.

A kampani analonjeza zomwe a kampani amalonjeza. Amuna angapo anati iwo akufuna ntchito, fodya wako ndi amene ali pamphuno. A Nachisale, mayi achikulire omwe nyumba yawo inang'aluka nthawi ija, anaimirira ndi ndodo nkufunsa kuti mng'alu wa chipupa chawo udzatsekedwa ndi lonjezo liti. Mayi wina wachitsikana anati mwana wake ankatsokomola fumbi chaka chonse. Wina anamuyankha kuti lero mwanayo sakutsokomola koma akugona ndi njala. Onse ankanena zoona, ndipo ndicho chinkapweteka. Mapepala anga anayi analibe malo a zoona ziwiri.

Kenaka amfumu anati timve mwana wathu wa ku tauni, aphunzitsi Nangondo. Nditaimirira ndinaona a kabaza aja atakhala pa njinga yawo kumapeto kwa gulu. Atamva dzina anatsegula pakamwa, kenaka anakokera chipewa kumaso. Ndinayang'ana mapepala anga anayi aja. Ndinawapinda nkuwaika m'thumba la siketi.

"Makolo anga, kalata ija munanditumira, sindinalembe zomwe munanena. Inu munati asunthe pophulitsira. Ine ndinalemba kuti atseke. Ndipo mitengo ya amayi pa kasupe sanadule ndi a kampani. Alamu anga anangogwira nkhwangwa, koma anadula ndine. Pepani."

Ndinkayembekezera phokoso. Koma inangomveka ndi mbuzi ina yomwe inkalira kuseri kwa kalasi. Kenaka a Nachisale anayankhula ali chikhalire.

"Nangondo, zimenezo mudzi wonse ukuzidziwa. Amene sankadziwa ndiwe wekha. Khala pansi, tenga cholembera."

Anthu anaseka, osati kwambiri, ndipo ine ndinakhala pansi nkutenga cholembera. Ulendo uno ndinalemba m'Chichewa, kuseri kwa mapepala anga omwe aja, zomwe iwo ankanena. Kukumba kukhale mbali ya kumadzulo kokha, kutali ndi kasupe. Belu lizilira asanaphulitse. Msewu uzithiridwa madzi. Ntchito ziyambire a m'mudzi. Nyumba ikang'aluka ikonzedwe mvula isanagwe. Kampani ipereke mbande za mitengo yachilengedwe, ndipo kumutu kwa kasupe kusalowenso nkhwangwa ya munthu aliyense, wa pamudzi kapena wa ku tauni. Mawu omalizawo anawonjezera ndi Lufina, ndipo ndinawalemba monga anawanenera.

Nditamaliza ndinawerenga mokweza. A Nachisale anapempha kuti pepalalo liperekedwe kwa mkulu wa mpingo, awerengenso iwo, kuti timve ngati zikufanana. Mkuluyo anavala magalasi nkuwerenga mzere ndi mzere, chala chili pa pepala, anthu akuvomera ndi mitu. Ndakhala ndikuchonga mayeso a ana zaka zambiri, koma sindinadziwe kuti kuchongedwa kumawawa chotere. Zinafanana. A kampani anati akapereka kwa mabwana awo ndipo yankho lidzabwera. Mpaka pamene ndikulemba pano silinabwere, alamu akudikirabe, ndipo ine mantha a fumbi sanandichoke. Sindikudziwa ngati mgodi ndi umene upulumutse phirilo. Chomwe ndikudziwa nchakuti popanda mgodi silinapulumuke.

Lamulungu tinapita kutchalitchi, ine nditavala bulauzi ya Lufina. Tisheti ndinaipinda nkuiika pansi penipeni pa chikwama. Titaweruka, cha m'ma 12 koloko, ndinayamba kutsanzika. Kwathu mlendo satuluka chimanjamanja, ndiye panali mtedza, nyemba ndi timaungu tiwiri totsalira. Ndipo pakhomo, litatsamira chipupa, panali thumba lija. Alamu anali atalitsitsa dzulo lake madzulo kuti asagwire ntchito pa Sabata. Ndinati sindingalitenge, aligulitse, kapena aphikire iwo.

"Tengani, achemwali," anatero Lufina. "Madzi akatayika saoleka. Mukalisiya pano mtengo sudzuka. Komanso ine sindingaphikire ana anga muwanga wa amayi. Anaitanitsa ndinu."

Ndinauza alamu, Lufina ali pomwepo, kuti limeneli ndi lomaliza, ndipo ndikadzaimbanso foni yopempha makala adzandidulire. Anati amva, koma ndinaona pankhope pawo kuti kudulira foni mkulu wa akazi awo ndi ntchito yomwe sangaithe. Ntchito yosaimba ndi yanga.

Wobwera kudzanditenga anali a kabaza omwe aja, poti pa Sabata njinga zimasowa. Anamangirira thumba kumbuyo ndi malamba a mphira, ine nkukhala mopanikizika pakati pa msana wawo ndi makala anga. Tinayenda mpaka pa chitunda chija. Pamenepo anati dzulo anayankhula kwambiri, ndiwakhululukire. Ndinati anayankhula zoona, ndipo palibe cholakwa. Anati chabwino, koma thumba ndi K2,000 yapadera. Ndinapereka osanenerera.

Pa Mvera minibasi inabwera 2 koloko. Kondakitala analowetsa thumba pansi pa mpando wakumbuyo nkuunjikapo madengu a tomato. Ndikudziwa bwino kuti kunyamula makala popanda chilolezo nkulakwira lamulo, poti ndimaphunzitsa zimenezo. Tikuyandikira pa rodibuloko ndinapezeka ndikulakalaka kuti alipeze, alilande, mwina andinyoze pamaso pa anthu, nkhani ithere pomwepo. Koma tsikulo ankafunsa za mapepala a galimoto basi. Tinadutsa. Kumanja kwa msewu njinga za makala zinkabwerera kwawo zopanda katundu, matumba atapindidwa pa kaliyala. Sindinatsonye.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, bulauzi ya Lufina ili yakuda kumsana konse. Thumba ndinaliimika kuseri kwa chitseko cha khitchini, nkulumbira kuti sindidzaligwira. Lumbirolo linakhala masiku awiri. Lachitatu m'mawa magetsi anathima, ana anayenera kumwa tiyi asanapite kusukulu, ndipo ndinamasula luzi. Makalawo anayaka bwino, osathetheka, osafuka, monga momwe ndinkafunira.

Ulendowu unandiphunzitsa chinthu chimodzi chomwe sichinali m'mapepala anga anayi. Ndinkaganiza kuti owononga phiri ndi amene ali ndi makina kapena nkhwangwa, ndipo ife a mbaula ndi oonerera chabe. Kukaniza munthu ntchito nkosavuta ukakhala ndi malipiro, ndipo kudzudzula wotentha makala nkosavuta tiyi wako akawira. Tsopano ndagula kambaula kosunga moto, ndipo ndikuphunzira kuphikira zinyalala za mtedza zoumba ngati makala. Zimafuka, ana akudandaula, ndipo sindikudzitama nazo. Ana a kalabu yathu afesa mbewu za muwanga m'timachubu, koma ndawauza chilungamo kuti muwanga sufulumira, ndipo mthunzi wake ine sindidzaukhala.

Thumba lija latha sabata yatha. Tsiku lina m'mawa, ndikukhutula phulusa la mbaula kuseri kwa nyumba, china chake chinalira pa mwala. Ndinapala ndi chala. Unali msomali, wopindika pang'ono kunsonga, pomwe amayi ankakolekapo chikho. Unali udakali wotentha.